Kuchotsa mitundu pachithunzi: njira zilipo zambiri, koma zotsatira zake sizifanana

Tsegulani chithunzi cha mbendera ya Malawi mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, musankhe Desaturate, imene imachotsa mitundu, muone zimene zichitike. Mzere wofiira wapakati ndi wobiriwira wam'munsi, imene ngakhale mwana amaisiyanitsa ali patali, ituwa pafupifupi mofanana, moti malire ake muchita kuwafunafuna. Zimateronso ndi tomato woyalidwa pa masamba a nkhwani pamsika, kapena mayi wovala bulawuzi yofiira ataima kutsogolo kwa munda wa chimanga mu Febuluwale. Pamene panali mitundu iwiri yopikisana pamatsala kutuwa kumodzi, mbuu, ndipo munthu amagwa ulesi n'kumati zithunzi zake sizikongola zikakhala za black and white. Chonsecho cholakwika ndi njira imene wachotsera mitunduyo.

Kamera zamakono zimalemba kadontho kalikonse ka chithunzi ndi manambala atatu: kuchuluka kwa kufiira, kwa kubiriwira ndi kwa buluu. Chithunzi chakuda ndi choyera chimangofuna nambala imodzi pa kadontho, yonena kuti apa pawale kapena pade motani. Ndiye pamafunika wogamula kuti chofiira chisanduke chotuwa chowala kapena chodera, chobiriwira chikhale pati, thambo lide kapena liyere. Njira zonse zimene ndifotokoze pano zimasiyana pa mafunso awiri. Akugamula ndani, makina kapena inuyo? Nanga mukasintha maganizo mawa, pali pobwerera?

Kuisiyira kamera kapena foni

Kamera zambiri zili ndi posankhira Monochrome. Pa Canon mupeza mu Picture Style, pa Nikon mu Picture Control, pamene a Fujifilm ali ndi yawoyawo yotchedwa Acros, imene inayamba ndi kamera ya X-Pro2 mu 2016 potengera filimu yawo ya dzina lomwelo. Mafoni nawonso sanatsalire. iPhone ili ndi Mono, Silvertone ndi Noir, ndipo pa Samsung, Tecno kapena Itel simulephera kupezapo fyuluta imodzi kapena ziwiri zamtunduwu.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti mumaona zinthu zopanda mitundu musanadine batani. Mitundu imanyenga maso. Chitenje chikakhala chowala, maso amathamangira pomwepo, osaona kuti mthunzi wa denga la khonde wadula nkhope ya munthuyo pakati, kapena kuti khoma lakumbuyo likuwala kuposa iyeyo. Sikirini ikakhala yakuda ndi yoyera zonsezi zimaonekera poyera, ndipo mumamusuntha munthuyo nthawi ikadalipo. Wophunzira kujambula atati akhale milungu ingapo akujambula chonchi, angadziwe bwino za kuwala kuposa kungowerenga.

Mkati mwa Monochrome momwemo muli mafyuluta: yachikasu, ya olenji, yofiira ndi yobiriwira. Anachokera m'nthawi ya filimu, pamene ojambula ankamanga kagalasi ka mtundu kutsogolo kwa lenzi. Lamulo lake n'losavuta: fyuluta imawalitsa zinthu za mtundu wake n'kudetsa za mtundu wotsutsana nawo. Yachikasu imadetsa thambo pang'ono kuti mitambo ioneke, ya olenji imaonjezerapo, yofiira imalidetsa mpaka kutsala pang'ono kuti bii. Mu 1927 Ansel Adams, akujambula thanthwe la Half Dome ku Yosemite, anayamba ndi fyuluta yachikasu, kenaka anazindikira kuti thambo silidzatuluka mmene ankalionera mumtima mwake, n'kujambulanso ndi yofiira kwambiri. Chachiwiricho ndicho chinatchuka.

Ngozi ili pa JPEG, fayilo yofinyidwa imene kamera imatulutsa itamaliza kale kukonza chithunzi. Mukajambula JPEG yokha, kamera imataya mitundu nthawi yomweyo, ndipo palibe pulogalamu imene ingaibweze mmene inalili. Mapulogalamu opaka mitundu amene abwera masiku ano amangolota. Sangadziwe kuti nsalu ya yunifolomu ya akuchikazi pa chinkhoswe chija inali ya pepo, pamene eni mwambo adzaifuna ndithu, poti anaisankha okha n'kuilipira. Ngati kamera yanu ili ndi RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona isanazikonze, ikani pa RAW+JPEG. Sikirini izikuonetsani chakuda ndi choyera, koma fayilo ya RAW izisunga mitundu yonse. Pa iPhone fyuluta mukhoza kuichotsa pambuyo pake mu Photos, pamene mafoni ena ambiri amaimatiriratu pachithunzi. Yesani kaye pa chithunzi cha mpando musanapite nayo kuukwati.

Desaturate ndi Grayscale

Ambiri amayambira apa chifukwa n'kudina kamodzi basi, ndipo amaziyesa chinthu chimodzi. Koma zimawerengera mosiyana.

Manambala atatu aja amayambira pa 0 kulekeza 255. Desaturate ya Photoshop, chimodzimodzinso kukokera Saturation ku -100 mu Hue/Saturation, imatenga nambala yaikulu ndi yaing'ono mwa atatuwo n'kupeza yapakati pake. Zotsatira zake n'zodabwitsa: chikasu chenicheni, kufiira kwenikweni, kubiriwira ndi buluu weniweni, zonse zimathera pa kutuwa kumodzi, cha m'ma 128. Maso a munthu saona choncho. Chikasu timachiona chowala, choyandikira kuyera, pamene buluu timamuona wodera. N'chifukwa chake mizere ya mbendera ija inalowerana.

Grayscale imayesetsa kutsatira maso. Mawerengedwe odziwika kwambiri amatenga pafupifupi magawo 30 pa 100 kuchokera ku kufiira, 59 ku kubiriwira ndi 11 ku buluu. Manambalawa ndi akalekale. Anachokera ku wailesi ya kanema ya mitundu ku America mu 1953, pamene ankafuna kuti anthu amene anali ndi ma TV osaonetsa mitundu apitirize kuonera bwinobwino. Powerengera chonchi chikasu chimafika pa 226, kubiriwira 150, kufiira 76, buluu 29. Palinso mawerengedwe atsopano, a 21, 72 ndi 7, amene amapereka mphamvu yochulukirapo kwa kubiriwira. Mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, mukapita pa Colors kenako Desaturate, amakupatsani mwayi wosankha: tengani Luminance kapena Luma, Lightness muisiye chifukwa ndi ija yolowanitsa mitundu.

Pa ziwirizi Grayscale ndiyo yabwino, palibe kukayika. Komabe wogamula akadali makina, ndipo mukadutsira pa Image, Mode, Grayscale n'kuseva pa fayilo yomweyo, mitundu yapita. Ndimaigwiritsa ntchito pa makalata, malisiti ndi zithunzi zimene mitundu ilibe nazo kanthu kale: nkhungu ya m'mawa pa phiri la Zomba, kapena asodzi m'bwato dzuwa lili kumbuyo kwawo, pamene chooneka ndi maonekedwe a thupi okha. Pa nkhope ya munthu ndi pa nsalu, siikwanira.

Kusakaniza mitundu nokha

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni imachitikira, ndipo zida zake zilipo ziwiri.

Chakale ndi Channel Mixer. Mumachonga Monochrome, n'kupatsidwa ma slider atatu, timizere tokoka poonjezera kapena kuchepetsa mtundu: Red, Green ndi Blue. Photoshop imawayambitsa pa 40, 40 ndi 20, ndipo mukamawasuntha muzionetsetsa kuti onse pamodzi akuzungulira pa 100, apo ayi chithunzi chipsa kapena chida chonse. Musanakhudze kalikonse, tsegulani Channels muone tchanelo iliyonse, kutanthauza gawo la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, payokha pa chithunzi cha nkhope. Yofiira mudzaipeza yowala, khungu losalala. Yobiriwira ndiyo yakuthwa, yoonetsa tsitsi lililonse la nsidze. Ya buluu imakhala yakuda, yoonetsa ziphuphu ndi zipsera zonse, komanso yodzaza timadontho, makamaka ngati munajambula usiku pa kuwala kwa babu kapena kandulo, kumene buluu amachepa. Kuti yobiriwira ikhale yaukhondo chonchi n'chifukwa cha kapangidwe ka sensa, kachipangizo ka m'kamera kolandira kuwala. Kamera zambiri zimatsatira dongosolo la Bryce Bayer wa ku Kodak la mu 1976, limene theka la timaso ta sensa timaona kubiriwira, ndipo theka lotsalalo amagawana kufiira ndi buluu.

Chatsopano ndi Black & White ya Photoshop, imene inabwera ndi Photoshop CS3 mu 2007, ndi B&W Mix ya Lightroom ndi Camera Raw, mapulogalamu ena a Adobe, kampani yopanga Photoshop. Ya Photoshop ili ndi ma slider asanu ndi limodzi, ya Lightroom asanu ndi atatu: Red, Orange, Yellow, Green, Aqua, Blue, Purple ndi Magenta. Kusiyana kwake ndi Channel Mixer n'kwakukulu. Mu Channel Mixer mukasuntha Red, chithunzi chonse chimagwedezeka, pakuti pafupifupi mtundu uliwonse, ngakhale woyera, uli ndi kufiira mkati. Mu B&W Mix mukasuntha Red, zimasintha ndi zinthu zofiira zokha. Diresi yoyera ya mkwatibwi ndi suti yakuda ya mkwati sizisuntha n'komwe. Mulinso kachida koti mungodina pa chinthucho pachithunzi n'kukoka, pulogalamu n'kudzipezera yokha slider yoyenera. Pa zida ziwirizi ine ndimasankha B&W Mix pafupifupi nthawi zonse. Channel Mixer imapambana pa chinthu chimodzi: kusintha kwake kumakhala kosalala, sikutulutsa msanga mizere yoyera m'mphepete mwa zinthu.

Nkhani yaikulu kwa ife ndi khungu. Khungu la munthu aliyense, woyera kapena wakuda bii, makina amaliika m'chigawo cha olenji, pakati pa kufiira ndi chikasu. Mu Lightroom ndiye kuti slider ya Orange, mu Photoshop ya Reds ndi ya Yellows. Ma preset ambiri, makonzedwe opangiratu amene anthu amagawana pa intaneti, amakweza olenji kwambiri kuti khungu liyere ndi kusalala. Pa munthu wakuda zotsatira zake zimamvetsa chisoni: nkhope imatuwa ngati ya mwana amene wasamba osadzola mafuta m'mwezi wa Julaye. Chimene chimakongoletsa khungu lakuda pachithunzi ndi kunyezimira kwa pachipumi, pamphuno ndi pamasaya, kutatsamira pa kuda kozama kwa khungulo. Kunyezimirako kulibe mtundu, kotero sikusuntha mukamakoka slider. Mukakweza olenji, khungu limakwera kukakumana nako, kusiyana kumatha, nkhope n'kukhala yafulati, yopanda moyo.

Ine ndimakweza olenji pang'ono chabe, kungoti m'maso ndi kunsi kwa chibwano kuoneke, ndipo nthawi zina ndimachita kutsitsa kumene. Malo amene ada mopitirira ndimawawalitsa paokha ndi burashi, osati nkhope yonse. Munthu atuluke ndi khungu lake, loti mayi ake akaona anene kuti mwana wawo ndi yemweyu. Kumuyeretsa munthu asanakupempheni n'kumuuza kuti mmene alili sizikukwanira, ndipo wojambula alibe ufulu umenewo.

Pali msampha wina umene umagwira ambiri kwathu kuno. Njerwa zowotcha, dothi la katondo, zitseko za matabwa ndi zovala za bulawuni, zonsezi zili m'chigawo cha olenji chomwecho. Munthu akaima kutsogolo kwa khoma la njerwa, iye ndi khomalo amakwera ndi kutsika pamodzi, ndipo palibe slider imene ingawalekanitse. Pamenepo mufunika mask, chida chosankhira malo amodzi a chithunzi, kuti mudetse khoma palokha. Chophweka koposa n'kuganiziratu pojambula: muimikeni pakhomo, kumbuyo kwake kukhale mdima wa m'nyumba, kapena kutsogolo kwa khoma la laimu limene lili pamthunzi.

Wofuna kuona mmene khungu lakuda ndi nsalu zamaluwa zimakhalirana popanda mitundu ayang'ane ntchito za Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948, ndi za Malick Sidibé wa mumzinda womwewo, amene analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Keïta ankakonda kupachika nsalu yamaluwa kumbuyo kwa munthu wovalanso nsalu yamaluwa, koma nkhope siisowa. Khungu analisiya lozama ndi lonyezimira, ndipo maso a woonera amakapumira pomwepo.

Pa chitenje mpamene B&W Mix imaonetsa mphamvu zake. Tiyerekeze kuti chili ndi maluwa achikasu, masamba a buluu ndi pansi pofiira. Ngati chithunzicho n'cha munthu, sendezani mitundu iwiri kuti ituwe moyandikana, nsalu ikhale chete, nkhope ilankhule. Ngati n'cha telala amene akufuna kuonetsa kasokedwe ndi maluwa, italikitseni: chikasu m'mwamba, buluu pansi, kufiira pakati. Chithunzi chimodzi chomwecho chimatha kutuluka pawiri, ndipo palibe Grayscale imene ingakufunseni kuti mukufuna ziti.

Kutchire nako kuli zake. Masamba ndi udzu zimamvera kwambiri slider ya Yellow kuposa ya Green, chinthu chimene chimadabwitsa aliyense poyamba. Pa minda ya tiyi ya ku Thyolo kapena m'munsi mwa phiri la Mulanje, kwezani Yellow ndi Green kuti tiyi awale, mutsitse Blue ndi Aqua kuti thambo lide, mitambo ndi thanthwe zidzuke. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zikaphimba mapiri, kudalira tchanelo yofiira kumathandiza kuboola chifungacho, chifukwa kuwala kwa buluu ndiko kumamwazika kwambiri mumpweya. Koma thambo likakhala loyera kale mbee, mulibe buluu woti mudetse, ndipo mungakoke bwanji slider palibe chichitike.

Malire a njirayi ali pa fayilo imene mwayambira. JPEG imasunga masitepe 256 okha pa tchanelo iliyonse, ndipo pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo, kawirikawiri mitundu imaisunga mosasamala kuyerekeza ndi kuwala. Pachithunzi cha mitundu izi sizioneka. Koma mukauza pulogalamu kuti isandutse mtundu kukhala kuwala, zobisika zija zimatulukira: thambo limaduka m'mizeremizere, timabokosi timaoneka m'malo osalala, ndipo pamene phiri lakumana ndi thambo pamabwera kamzere koyera. RAW ya 12-bit ili ndi masitepe 4,096, ya 14-bit 16,384, kotero imapirira kukokedwa. Choipitsitsa ndi chithunzi chimene chadutsa m'magulu a WhatsApp kangapo: chimenecho chigwireni mofatsa zedi. Mukatha kusuntha ma slider, kulitsani chithunzi kufika pa 100% muyendere m'mphepete mwa denga, mitengo ndi mapewa a munthu. Mukaona kamzere, bwezani slider pang'ono.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: pa RAW, Temp ndi Tint, ma slider okonzera mtundu wa kuwala, zimagwirabe ntchito ngakhale mitundu mutaichotsa. Nthawi zina kungosuntha Temp kumakonza khungu bwino kuposa ma slider onse aja.

Amene alibe kompyuta

Pafoni mpikisano uli pakati pa Snapseed ndi Lightroom. Snapseed inapangidwa ndi kampani ya Nik Software mu 2011, Google n'kuigula mu 2012. Ndi yaulere, siilemera, ndipo mukaikopera kamodzi imagwira ntchito popanda bandulo. Mu chida chake cha Black & White muli kabwalo kosankhira fyuluta, yofiira, ya olenji, yachikasu kapena yobiriwira, monga mmene zilili m'kamera. Ambiri sakadina kabwaloka, amangotenga zimene zabwera, chonsecho mphamvu yonse ili pamenepo. Chimene Snapseed ilibe ndi slider ya mtundu uliwonse pawokha. Koma ili ndi Selective ndi Brush zaulere, zowalitsira kapena kudetsa malo amodzi.

Lightroom ya pafoni ili ndi ma slider onse asanu ndi atatu ngakhale musanalipire, koma imafuna akaunti, imalemera pa mafoni ang'onoang'ono, ndipo ma mask ndi olipira. Ndiye pa zithunzi za anthu ndi zitenje, pamene muyenera kulekanitsa olenji ndi kufiira, tengani Lightroom. Pa mapiri, nyanja ndi misewu, Snapseed ikukwanirani. Mukhoza kuyambira mu Lightroom n'kumalizira mu Snapseed, bola mu Settings ya Snapseed muike JPG 100% kapena PNG, chifukwa JPEG imaonongeka pang'ono nthawi iliyonse imene mwaisevanso.

Zaulere pakompyuta ndi zina zotsala

Kusowa ndalama ya Adobe ya mwezi ndi mwezi sikuyenera kuletsa munthu. GIMP ili ndi Mono Mixer, imene ndi Channel Mixer yomwe ija. RawTherapee ili ndi chida cha Black-and-White chokhala ndi njira zitatu, Desaturation, Luminance Equalizer ndi Channel Mixer, moti mukhoza kuziyerekeza pa chithunzi chimodzi osatuluka. Mu darktable mumasakaniza matchanelo pa gray ya mu color calibration, koma pulogalamuyi imafuna kuleza mtima poiphunzira. Photopea imatseguka mu browser ndipo ili ndi Black & White yofanana ndi ya Photoshop. Ndipo amene ali ndi Canon kapena Nikon asaiwale Digital Photo Professional ndi NX Studio, zimene makampaniwa amapereka kwaulere kwa eni kamera. Zimakulolani kusintha fyuluta ya Monochrome pa RAW mutafika kale kunyumba.

Njira ziwiri zakale zimatchulidwabe. Ina ndi kusandutsa chithunzi kukhala Lab, dongosolo lolekanitsa kuwala ndi mitundu, n'kutenga tchanelo ya Lightness yokha. Imatulutsa chithunzi chowala, chochepa timadontho, koma simugamula kanthu. Ina ndi Gradient Map ya kuda kufika kuyera, imene imabweretsa msanga contrast yamphamvu, kusiyana kwakukulu kwa kuda ndi kuyera, koma imameza tsitsi ndi suti zakuda. Masiku ano sindiona chifukwa choyambira pa zimenezi.

Silver Efex, pulogalamu yopangira zithunzi zakuda ndi zoyera, ndi ya a Nik omwe aja. Google inaipereka kwaulere mu 2016, kenako DxO inaigula mu 2017 n'kuyamba kuigulitsanso. Imatsanzira bwino mafilimu akale ndi timchenga take, ndipo njira yake yosankhira malo podina kadontho ndi yachangu. Kwa amene black and white ndiyo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndalamayo siipita pachabe. Kwa ena tonse ndi chinthu chongoonjezera. Chenjezo langa lili pa slider ya Structure, yodzutsa timizere ndi makwinya a zinthu, chimodzimodzinso Clarity ya Lightroom. Pa makungwa a mlambe ndi pa thanthwe imachita zodabwitsa, koma pa nkhope ya agogo imakumba makwinya mpaka munthu wosekerera n'kuoneka wovutika. Zithunzi zambiri za anthu a kumudzi zaonongeka motere.

Palinso kamera zosaona mitundu n'komwe, monga Leica M Monochrom ya mu 2012 ndi Pentax K-3 Mark III Monochrome ya mu 2023. Poti sensa yake ilibe timafyuluta ta Bayer, zithunzi zimakhala zakuthwa ndi zaukhondo ngakhale kuli mdima. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo zimakubwezerani ku magalasi a mitundu omanga pa lenzi, pakuti m'fayilo mulibe mtundu woti musakanize. Huawei P9 ya mu 2016 inali ndi sensa yotere pambali pa ya mitundu.

Ndikanati ndilangize mng'ono wanga amene akuyamba kujambula maukwati, ndikanamuuza kuti aike RAW+JPEG, sikirini ikhale pa Monochrome akafuna kuona kuwala, kenaka asakanize yekha mu B&W Mix. Ndikanamuuzanso kuti kuchotsa mitundu sikuchiritsa chithunzi chosalunjika kapena chogwedera. Pamene kumapulumutsadi ndi m'tchalitchi kapena m'holo momwe mwasakanikirana kuwala kwa pazenera, kwa machubu ndi kwa mababu, nkhope imodzi n'kukhala yobiriwira mbali ino, yachikasu mbali inayo. Pamenepo black and white imathetsa mlandu umene white balance, kukonza mtundu wa kuwala, singauthe.

Kumene chithunzicho chikupita

Njira yabwino imatha kuonongekera kotsukitsa. Makina ambiri a m'masitudiyo amatsuka pa pepala la mitundu, kotero kutuwa amakupanga posakaniza mitundu itatu, ndipo akangophonya pang'ono chithunzi chimatuluka chobiriwirako kapena chapinki. Perekani fayilo ya JPEG ya sRGB, dongosolo la mitundu la masiku onse, osati ya Grayscale mode, chifukwa makina ena saiwerenga bwino. Pemphani wotsukayo kuti azimitse auto correction, apo ayi makina adzayesa kukonza zimene inu mwakonza kale. Yambani ndi kamodzi kakang'ono, mutuluke nako panja mukakaone pa dzuwa, osati pansi pa chubu cha m'shopu. Ngati kubiriwirako sikukuchoka, ikani dala kabulawuni pang'ono kudzera pa Color Grading kapena Tint. Maso amalandira bulawuni wofatsa, koma kubiriwira amakuona msanga kuti n'kulakwitsa.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document kuti chithunzi chisafinyidwe. Kufinyako kumaononga kwambiri malo otuwa mosalala, monga thambo ndi khoma la situdiyo.

Malo amene luso limeneli limafunika koposa ndi pa pulogalamu ya maliro. Banja limabweretsa chithunzi cha mitundu cha pafoni, nthawi ili yochepa, wosindikiza n'kungochiponya pa printa ya laser. Makinawo amachotsa mitundu mwa njira yawo, ndipo inki yake imatseka malo onse odera. Malemu amene anavala suti yakuda, ataima kutsogolo kwa katani yofiira, amatuluka nkhope, suti ndi katani zitalowerana, anthu olira n'kumavutika kuwazindikira. Musalole makina agamule pamenepa. Chotsani mitundu nokha. Katani yofiirayo ikwezeni ndi slider ya Red kuti iyere, munthu aoneke payekha, ndipo ngati milomo yayera nayo, ibwezeni ndi burashi. Kwezani Shadows, slider ya malo odera, kuposa mmene mungachitire pa chithunzi cha pasikirini, mpaka kolala ndi mabatani a suti zioneke, chifukwa sikirini imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa pamalopo. Apa ndi pamene kuwalitsa nkhope pang'ono kuli koyenera, pakuti inki idzaibwezera pamene inali. Dulani chithunzi kuti nkhope ikule, muonjezere sharpening pang'ono kuti chithunzi chithwe. Pemphani kuti mapepala onse atuluke kuchokera pakompyuta, osati kukopera pepala lina pa fotokope, ndipo loyamba likatuluka muliyang'ane kaye bwinobwino musanawauze kuti apitirize.